Kompyuta ya magemu ikamayamba bwino kenako n'kumakoka miyendo: momwe mungapezere vuto n'kulikonza

Mphwanga wa ku Chitakale anaitanitsa kompyuta ya magemu kuchokera ku Joni, zija zobwera zomangamanga kale kufakitale zoti ukungolumikiza nthambo basi. Inafika mu June nthawi ya chiperoni, ndipo inkathamanga ndithu moti anyamata a m'dera lonse ankathera kwawo kumenya FIFA ndi GTA V. Kufika mu October zinthu zinatembenuka. Gemu iyamba bwinobwino, pakatha mphindi 15 kapena 20 zithunzi ziyamba kudukizadukiza, mafani akulira ngati chigayo, mwini wake n'kumadandaula kuti amugwira m'maso, amugulitsa feki. Sinali feki ayi. Purosesa inkadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, zomwe anzathu okonza makompyuta amati throttling.

Tigwirizane kaye pa mawu. Kuno tinazolowera kunena kuti CPU tikutanthauza bokosi lonse lija, koma ine ndikamati purosesa ndikunena kachipu kakang'ono kamene kali mkati pansi pa fani. Kachipu kameneka kali ndi malire awiri, ndipo anthu ambiri amangodziwa amodzi okha. Oyamba ndi a kutentha: mapurosesa ambiri a Intel Core amayamba kudzibweza akafika madigiri 100, ma Ryzen 7000 ambiri a AMD malire ake ndi 95, pomwe khadi ya zithunzi ya Nvidia nthawi zambiri imayamba kubweza moto pa 83. Achiwiri ndi a mphamvu ya magetsi, mawati, ndipo apa mpamene makompyuta omanga kale amatisokoneza. Tengani purosesa ya i7-12700, Intel inalemba kuti mphamvu yake ya masiku onse ndi mawati 65 koma ikafuna kuthamanga zenizeni imatha kukoka mpaka 180. I5-12400 ndi 65 ndi 117. Nde kampani yomanga kompyuta ikaika koola (chitsulo ndi fani zoziziritsa purosesa) yaing'ono yotchipa, imauza bodi, thabwa lija lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, kuti purosesa izingololedwa kukoka mawati ambiri kwa masekondi ochepa, 28 kapena 56 kutengera mtundu, kenako ibwerere pa 65. Ndiye mupeza makina sakutentha n'komwe koma liwiro latsika. Mukathamangira ku Limbe kukagula koola ya ndalama zambiri musanadziwe kuti ndi malire ati amene akukugwirani, mwina mwangotaya ndalama ya feteleza.

Choyamba, yezani musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi

Tsitsani HWiNFO64, pulogalamu yoonetsa kutentha, liwiro ndi mawati a zipangizo za kompyuta, ndi yaulere ndipo siidya bando yambiri. Mukaitsegula sankhani pamene palembedwa Sensors-only. Muona manambala ambirimbiri, asakuopseni, inu mungofuna zinayi: kutentha kwa purosesa, liwiro lake mu MHz, mawati pamzere wa CPU Package Power, komanso mizere ija imangoyankha Yes kapena No, wina wa Thermal Throttling wina wa Power Limit Exceeded. Isiyeni yotsegula, sewerani gemu yanu ija imavuta kwa theka la ola, kenako bwererani mukaone mzati wa Maximum. Amene mulibe gemu yolemera gwiritsani ntchito pulogalamu ya Cinebench R23, ili ndi mayeso a mphindi 10 omwe amaipanikiza purosesa mpaka kumapeto, ndipo imakupatsani nambala yoti mudzafananize mukakonza.

Yezani masana, cha m'ma 1 kapena 2 koloko, chipinda chitatentha mmene chimatenthera masiku onse. Ine ndimaumirira pamenepa chifukwa nyumba zathu zambiri ndi za malata zopanda siling'i, ndipo koola imaziziritsa ndi mpweya womwewo wa m'chipindamo. Chipinda chikakwera ndi madigiri 10 purosesa nayo imakwera pafupifupi chimodzimodzi. Kompyuta yomwe imakhala pa 88 m'mawa wa chifunga ku Bvumbwe ikhoza kugunda malire masana a November ku Luchenza kapena ku Muloza, popanda chilichonse chowonongeka.

Mukapeza Thermal Throttling yalemba Yes ndipo kutentha kwafika pa malire, vuto ndi kuziziritsa. Mukapeza kutentha kuli m'ma 70, koma Power Limit Exceeded ndi imene yalemba Yes ndipo mawati aima nji pa 65, ndiye kuti ndi chingwe chimene a fakitale anaimanga nacho. Pena zonse ziwiri zimalemba Yes. Onaninso khadi ya zithunzi pansi pa mndandanda womwewo, chifukwa magemu ambiri amalemera kwambiri kumeneko ndipo mwina mukunamizira purosesa yosalakwa.

Ngati ndi kutentha, yambani ndi zaulere

Onani pamene kompyuta yakhala. Ya mphwanga ija inali m'kabati ya TV, kumbuyo yagunda khoma, pamwamba mayi athu atayalapo kansalu koluka kuti isade ndi fumbi. Ndinaseka koma sindinawadzudzule, anachita mwachikondi. Itulutseni m'kabati, siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kumbuyo ndi m'mbali, ndipo isakhale pansi pa simenti pomwe tsache limaulutsira fumbi m'mawa uliwonse, iikeni patebulo.

Kenako fumbi. Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira atuluke, gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze zamkati. Tulukani nayo pakhonde. Bulowa ija amagwiritsa ntchito okonza mafoni ndi makompyuta ndiye yabwino, mukaisowa mpope wa njinga ndi kabulashi kopentera kouma zimagwira ntchito ndithu ngakhale mutuluka thukuta. Pouzira gwirani fani ndi chala isazungulire, ikazungulira mopenga imawonongeka. Limbikirani pa timapepe ta chitsulo ta koola, fumbi la kuno likasakanikirana ndi chinyontho cha nyengo ya mvula limaumbika ngati bulangeti ndipo mpweya sudutsa. Musadabwe mukapeza mphemvu kapena mazira a nalimata, amakonda kufunda. Koma bokosi la power supply, lija mumalowa nthambo ya magetsi yochokera kukhoma, musalitsegule, mumakhala magetsi oti akhoza kukuvulazani ngakhale mwazula pulagi, ingouzirani kunja.

Mukatha yesani kachinyengo aka: siyani chitseko cha m'mbali chotsegula, lozetsanimo fani ya m'nyumba, bwerezani mayeso. Kutentha kukatsika kwambiri ndiye kuti bokosi lanu likubanika. Makompyuta ambiri omanga kale amawapanga kuti azioneka bwino m'sitolo, kutsogolo galasi kapena pulasitiki yotseka ndi magetsi amitundumitundu, fani imodzi yokha kumbuyo. Ma Alienware Aurora akale ngati R10 ndi R11 power supply yake imakhala pa chitseko chopindika chomwe chimaphimba purosesa, malo a koola yayitali palibe. Ngati bokosi lanu lili ndi malo opanda kanthu kutsogolo, ikanipo fani ya 120mm yokokera mpweya mkati, ya kumbuyo ndi ya pamwamba zizitulutsa. Mbali ya fani yomwe ili ndi timitanda togwira mota ndi kumene mpweya umatulukira, ambiri amaika chagada n'kumadabwa. Kusiya chitseko chotsegula mpaka kalekale ine sindilimbikitsa, makamaka ngati muli pafupi ndi msewu wa fumbi kapena m'nyumba muli ana.

Phala la pakati pa purosesa ndi koola

Ngati makina adutsa zaka zitatu, kapena munagula kaunjika wochokera kunja, phala limeneli, lotchedwa thermal paste, lomwe limapereka kutentha kwa purosesa kwa koola, mwina linauma ngati dothi la m'chilimwe. Gulani lodziwika, Arctic MX-4 kapena Noctua NT-H1, kachubu kamodzi kamakwana maulendo angapo nde mutha kusonkherana ndi anzanu. Mankhwala otsukira mano ayi chonde, ndinamvapo anthu akulangizana zimenezo, amauma masiku ochepa. Yatsani kompyuta kwa mphindi zingapo kuti phala lakale lifewe, zimitsani, masulani masikuluwu mopingasa pang'onopang'ono, ndipo koola muipotoze pang'ono musanaikweze, makamaka pa ma Ryzen a soketi ya AM4 pomwe purosesa imatha kuzuka limodzi ndi koola n'kupinda timapini. Pukutani ndi isopropyl alcohol ndi kansalu kosasiya ulusi, sipiriti wofiirira uja amasiya utoto. Dontho limodzi pakati, kukula ngati nsawawa kapena nandolo, bwezerani koola, mangani mopingasa, ndipo musaiwale kulumikiza nthambo ya fani pamene palembedwa CPU_FAN.

Zikakanikabe ndiye nthawi yogula koola yakwana. DeepCool AK400 kapena Thermalright Peerless Assassin 120 ndi zabwino pa mtengo wake, koma zimatalika pafupifupi masentimita 15 ndi theka, nde tengani rula muyeze kuchokera pa purosesa kufika pa chitseko musanatumize ndalama kwa aliyense. Onaninso mabowo a bodi, makampani ena monga Dell ndi HP amagwiritsa ntchito mabodi ndi zomangira zawozawo pa mitundu ina, koola ya m'sitolo osakwanapo. Koola yatsopano imabwera ndi kapulasitiki pansi pake, kamatuleni.

Ngati ndi malire a mawati

Apa m'pofunika kudekha. Lowani mu BIOS, kapulogalamu ka bodi kamene kamayamba Windows isanatseguke, poyatsa muzidina F2, F10 kapena Del kutengera kampani, fufuzani PL1 ndi PL2 kapena Long Duration Power Limit, amenewa ndi mayina a malire a mawati aja pa purosesa ya Intel. Pa makina ambiri omanga kale simuzipeza, anazibisa, ndipo mapulogalamu ngati Intel XTU kapena ThrottleStop pena amatha kusintha malirewa pena amapeza anawakhoma. Ena ali ndi pulogalamu yawo ngati OMEN Gaming Hub kapena Lenovo Vantage momwe muli Performance mode, yambani ndi imeneyo. Mukapeza mwayi wokweza, kwezani pang'onopang'ono, 65 kupita 80 kapena 90, n'kuyezanso. Musatsegule zonse kamodzi, malire aja anawaika chifukwa koola ndi tizigawo topereka magetsi pa bodi ndi tofooka, mukangomasula osasintha koola muchoka pa malire a mawati n'kukagunda a kutentha, phindu palibe koma phokoso.

Ine maganizo anga, kwa ambiri a ife njira yabwino ndi yobwerera m'mbuyo. Tsekerani gemu pa mafelemu 60, ndiye kuti zithunzi 60 pa sekondi, ngati sikirini yanu ndi ya 60Hz, palibe chifukwa choti makina azivutika kupanga zithunzi 140 zomwe simuziona. A Ryzen yatsani Eco Mode mu pulogalamu ya Ryzen Master. Pa Windows mukalowa mu Power Options n'kuika Maximum processor state pa 99%, makina ambiri amasiya turbo, liwiro lija lapamwamba loonjezera, ndipo kutentha kumagwa kwambiri, liwiro limatsikako koma limakhala lokhazikika, ndipo pa FIFA kukhazikika n'kumene kumafunika. Mabatire a inveta nawonso amapumako.

Amene muli ndi Intel ya m'badwo wa 13 kapena 14, makamaka i7 ndi i9, pangani update ya BIOS, chifukwa mu 2024 Intel inatulutsa zokonza vuto la voteji yokwera yomwe inkawononga mapurosesa amenewa. Koma chitani zimenezi muli pa UPS (kabokosi ka batire kosunga magetsi) kapena inveta yodzadza, magetsi akathima ili pakati bodi imatha osadzukanso.

Ya mphwanga ija tinangoitulutsa m'kabati, kuuzira fumbi, kusintha phala ndi kuonjezera fani imodzi kutsogolo, Thermal Throttling inasiya kulemba Yes ndipo mawati sitinawakhudze n'komwe. Manambala a HWiNFO64 ndi a Cinebench tinawalemba pakapepala n'kumata mkati mwa chitseko cha bokosi pamodzi ndi deti, kuti October wa chaka chamawa tidzayezenso nthawi yomweyo ya masana.