Kuzindikira chinkhanira ndi kulemba dzina lake la sayansi molondola

Kumudzi chinkhanira ndi chinkhanira basi, chaching'ono chachikasu chija chimabisala m'khungwa la nkhuni ndi chachikulu chakuda cha pansi pa mwala dzina n'limodzi. Kwa akatswiri, mitundu yolembedwa m'mabuku yapitirira 2,500, ndipo chaka ndi chaka imawonjezereka. Aliyense amene akufuna kudziwa kuti chimene wagwira ndi chiti, kapena amene akuganiza kuti wapeza mtundu watsopano, ayambe wavomereza mfundo imodzi: dzina silichokera pa mtundu wa khungu kapena pa chithunzi cha pafoni. Limachokera pa chinkhanira chenichenicho chili m'botolo, ziwalo zake zitawerengedwa ndi kuyezedwa, ndi kapepala konena kumene chinapezeka.

Kugwira ndi kusunga

Zinkhanira zimawala mobiriwira zikaunikiridwa ndi tochi ya kuwala kwapadera kotchedwa ultraviolet (UV), choncho nthawi yabwino yosaka ndi usiku wopanda mwezi, kukutentha, mphepo kulibe. Chimene changofundula kumene sichiwala mpaka khungu litauma. Tengani chopanira chachitsulo chotalika masentimita 25 kapena 30, mugwire mchira pafupi ndi mbola, osati pamimba pomwe pamaphwanyika. Mukaona chamchira wonenepa koma zopanira zake zowonda, chenjerani kwambiri, chifukwa zaululu woopsa zambiri zimaoneka choncho. Parabuthus transvaalicus ndi Parabuthus granulatus za kummwera kwa Africa zimapha, makamaka ana, ndipo wolumidwa nazo athamangire kuchipatala. Chilolezo cha boma chosonkhanitsira tizilombo chikhale m'manja musanayambe, ndipo kutumiza kunja kuli ndi malamulo akeake pansi pa pangano la Nagoya, mgwirizano wa mayiko pa kagwiritsidwe ntchito ka zamoyo za dziko lina.

Chophedwa bwino ndi choika mufiriji yozizira kwambiri usiku umodzi. Kenako chimizeni mu ethanol, mowa wa m'labotale, wa 70 mpaka 80 peresenti. Chikakhala chachikulu, bayani ethanol ndi jekeseni m'mimba mwake, apo ayi chimaola m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Pakatha tsiku limodzi tayani ethanol woyambayo muthire watsopano, chifukwa madzi a m'thupi mwake amakhala atamusungunula. Mwendo umodzi wa mbali imodzi uduleni muuike pawokha mu ethanol wa 95 peresenti kapena kuposa, m'malo ozizira: umenewo ndi wa DNA. Spiriti wa pepo wa m'sitolo amadetsa khungu, formalin amawononga DNA, ndipo kachasu musamuganizire n'komwe, mphamvu yake palibe amaidziwa.

Kapepala kalowe m'botolo momwemo, kolembedwa ndi pensulo. Inki ya bolopeni imasungunuka mu ethanol, ndipo chomata kunja kwa botolo chimamatuka. Lembani dziko, boma, mudzi kapena phiri, manambala a GPS, tsiku, dzina la wogwira, ndi pomwe chinali: pansi pa mwala, mu una, m'ming'alu ya thanthwe, kapena m'khungwa. Chinkhanira chopanda kapepala n'chokongoletsera pa shelefu chabe.

Kuyamba ndi banja

Chigonekeni chagada m'kambale ka ethanol pansi pa maikulosikopu. Pakati pa miyendo iwiri yakumbuyo pali kachigamba kotchedwa sternum. Kakakhala kangodya zitatu, kosongoka kutsogolo, nthawi zambiri ndi banja la Buthidae, banja lalikulu kuposa onse lokhala ndi mitundu yoposa 1,000. Kakakhala kangodya zisanu, ganizirani za Scorpionidae kapena Hormuridae. Ku Africa kummwera kwa mtsinje wa Zambezi ndi madera oyandikana nawo, mabanja atatu amenewa ndi amene mudzakumane nawo kawirikawiri.

Kumbuyo kwa sternum kuli ziwalo ziwiri zonga chipeso, zomwe amazitcha pectines. Werengani mano a chipeso chilichonse padera, kumanzere ndi kumanja, mulembe mwachitsanzo 24/25, chifukwa mbali ziwirizi sizifanana nthawi zonse. Zazimuna zimakonda kukhala ndi mano ambiri ndiponso ataliatali kuposa zazikazi. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa: amafanizira chachimuna cha pamalo ena ndi chachikazi cha kwina n'kuganiza kuti ndi mitundu iwiri. Pa Hadogenes troglodytes, chinkhanira chophwatalala cha m'ming'alu ya miyala, chachimuna chili ndi mchira wautali wowonda moti chimafika masentimita 20, pomwe chachikazi mchira wake ndi waufupi. Wosadziwa sanganene kuti ndi mwamuna ndi mkazi wake.

Mukatero chitembenuzeni. Pamutu pali maso awiri apakati ndi ena aang'ono m'mbali. Pa zinkhanira zambiri za Opistophthalmus maso apakatiwo ali chakumbuyo, ndipo dzinalo m'Chigiriki limanena zomwezo. Mimba ili ndi zigawo 7, mchira zigawo 5, kenako thumba la ululu ndi mbola. Yang'anani ngati pansi pa mbola pali kadzino kena kakang'ono. Pa Lychas ndi Babycurus kamaoneka bwino, pa Parabuthus palibe. Pamwamba pa zigawo ziwiri zoyamba za mchira wa Parabuthus pali malo okhakhala omwe chimakandapo mbola n'kumatulutsa phokoso. Mizere yotukuka ya pamchira ndi pamsana iwerengeni chigawo ndi chigawo, ndipo timano ta pazala za zopanira muone kuti tandanda m'mizere ingati.

Ubweya umene umaweruza mlandu

Pa mikono yokhala ndi zopanira pali ubweya wautali wosalala, uliwonse utamera m'kadzenje kozungulira ngati kambale. Dzina lake ndi trichobothria, ndipo chinkhanira chimamvera nawo kugwedezeka kwa mpweya. Ubwino wake ndi woti chiwerengero ndi malo ake sizisintha kwenikweni chinkhanira chikamakula. Mu 1974 Max Vachon wa ku Paris anaika ndondomeko imene ikugwirabe ntchito lero: gulu A la Buthidae lokhala ndi 39 pa mkono umodzi, gulu B la Chaerilidae za ku Asia lokhala ndi 37, ndi gulu C la mabanja ena lokhala ndi 48. Zina zimakhala ndi owonjezera kapena operewera, ndipo kusiyana komweko ndiko kumalekanitsa mitundu yoyandikana.

Ubweyawo umathothoka pa chinkhanira chakale, koma timaenje timatsala, ndiye werengani timaenjeto. Chotsani chinkhanira mu ethanol kwa mphindi zochepa khungu liume pamwamba, muunike ndi UV cham'mbali, timaenje tidzaoneka ngati timadontho takuda. Musachisiye kunja nthawi yaitali, mfundo zimauma n'kuthyoka. Vuto lodziwika ndi kusokoneza trichobothria ndi ubweya wamba, womwe ndi wonenepa ndipo kadzenje kake n'kakang'ono. Jambulani mkono pa pepala, muike dontho lililonse pamalo pake ndi chilembo chake, osadalira kukumbukira.

Miyezo ikhale ya mamilimita: kutalika kwa chigoba cha kumutu, mulitali, mulifupi ndi kuchindikala kwa chigawo chilichonse cha mchira, ndi dzanja la chopanira. Utali wa thupi lonse ndi muyezo wonyenga, poti mimba imatanuka chinkhanira chikakhuta kapena chikakhala ndi bere. Pa chachimuna chachikulu, akatswiri amang'amba m'mbali mwa mimba n'kutulutsa hemispermatophore, kachiwalo koberekera komwe kapangidwe kake kamasiyanitsa mitundu yofanana kunja. Ana osakhwima asiyeni, zizindikiro zawo zimakhala zisanakhazikike.

Kuwerenga dzina ndi zimene zili pambuyo pake

Dzina lili ndi mawu awiri. Loyamba ndi la genus, lomwe lili ngati chiwongo, a Phiri kapena a Banda, ndipo limayamba ndi chilembo chachikulu. Lachiwiri ndi la species, limayamba ndi chilembo chaching'ono ngakhale litachokera ku dzina la munthu kapena dziko. Onse awiri amasindikizidwa mopendekeka, ndipo polemba pamanja amadulidwa mzere kunsi. Dzina la banja limatha ndi -idae ndipo silipendekeka.

Pambuyo pake pamabwera wolitcha ndi chaka. Mayina a nyama amawerengedwa kuyambira 1758, chaka chimene katswiri wa ku Sweden Carl Linnaeus anatulutsa buku lake la Systema Naturae kachikhumi, ndipo iye zinkhanira zonse anaziika mu genus imodzi, Scorpio. Nchifukwa chake timalemba Scorpio maurus Linnaeus, 1758 popanda mabulaketi, koma Androctonus australis (Linnaeus, 1758) ndi mabulaketi. Mabulaketiwo si okongoletsa: akunena kuti mtunduwo unasamutsidwa kuchoka mu genus imene wolitcha anauika poyamba. Kuwaika kapena kuwachotsa mwachisawawa ndi kunama.

Zitsanzo zabwino zili pafupi. Wilhelm Peters wa ku Berlin anayenda ku Mozambique m'zaka za m'ma 1840, mpaka ku Tete, ndipo mu 1861 anatcha mayina zinkhanira zingapo za m'derali. Uroplectes flavoviridis Peters, 1861 ndi Opistophthalmus glabrifrons Peters, 1861 zikadali pomwe anaziika. Hottentotta trilineatus (Peters, 1861) ndi Hadogenes troglodytes (Peters, 1861) zinasamuka. M'mabuku akale mudzapeza Buthotus trilineatus, dzina la genus limene Vachon anapereka mu 1949, koma Birula anali atatchula kale Hottentotta mu 1908, ndipo lamulo limati dzina loyamba kusindikizidwa ndilo limapambana. Mudzapezanso Opisthophthalmus wokhala ndi h wowonjezera. Kalembedwe koyamba ka C. L. Koch mu 1837 kalibe h ameneyo, ndipo ndiko kolondola. Banja la Hadogenes nalo lasintha dzina kangapo: Ischnuridae linagundana ndi dzina la gulu la atombolombo, linakhala Liochelidae, pano ambiri amalemba Hormuridae. Pofufuza m'mabuku, sakani mayina onsewa, mukasaka latsopano lokha theka la zolembedwa lidzakudutsani.

Mukaganiza kuti ndi chatsopano

Nthawi zambiri sichikhala chatsopano. Choyamba werengani kufotokoza koyambirira kwa mitundu yonse ya mu genus imeneyo, kuphatikizapo mayina amene anaphatikizidwa ndi ena kalekale, chifukwa chanucho chikhoza kukhala ndi dzina lomwe linangogonekedwa. Kenako fanizirani ndi zinkhanira zimene mayinawo anamangidwapo. Zambiri za ku Africa zili ku Museum für Naturkunde ku Berlin, ku Natural History Museum ku London, ndi ku Iziko South African Museum ku Cape Town. Pemphani zithunzi kapena mubwereke kudzera ku yunivesite kapena nyumba yosungira zakale. Mukhale ndi zazimuna ndi zazikazi zingapo zochokera malo angapo, kuti muone kusiyana kwa pachibale. Zotsatira za jini ya COI, kachigawo ka DNA kofanizira mitundu, zimathandiza, koma kusiyana kwa maperesenti pakokha sikupanga mtundu. Ngati simunatsimikize, lembani Uroplectes sp. (species yosadziwika) kapena Uroplectes cf. flavoviridis (chofanana ndi flavoviridis). Palibe manyazi pamenepo. Manyazi ali pa dzina lolakwika limene ena adzakopera zaka makumi.

Ntchitoyi sinathe m'dera lino. Mu 2015 Lorenzo Prendini wa ku American Museum of Natural History ku New York anafotokoza mitundu itatu ya Uroplectes yokhala ndi timaenje pa zigawo za mchira: malawicus, zambezicus ndi katangensis.

Malamulo otchera dzina ali mu International Code of Zoological Nomenclature, ndipo amene akugwira ntchito pano anayamba pa 1 Januwale 2000. Kawirikawiri mumasankha chinkhanira chimodzi kukhala holotype, chonyamula dzinalo mpaka kalekale, ndipo muyenera kunena nyumba imene chasungidwa, makamaka pamodzi ndi nambala yake. Zinzake zimene munagwiritsa ntchito ndi ma paratype. Muyenera kulemba poyera kuti dzinali ndi latsopano, kawirikawiri ndi mawu oti sp. nov., ndi kufotokoza m'mawu zimene zikuchisiyanitsa ndi abale ake, monga mano a chipeso angati, mizere ingati, ubweya uli pati. Kuyambira 2012 magazini ya pa intaneti yokha imaloledwa, bola ntchitoyo ilembetsedwe mu ZooBank, kaundula wa mayina a nyama wa pa intaneti, isanatuluke. Dzina lolengezedwa pa Facebook, pa msonkhano kapena pa botolo la wogulitsa zinkhanira silikhala ndi mphamvu, ndipo kulifalitsa msanga kumangosokoneza odzabwera.

Dzinalo lilembedwe m'zilembo za Chilatini zopanda tizizindikiro pamwamba, ndiye ŵ amasanduka w. La mwamuna limatha ndi -i, la mkazi -ae, la amuna angapo kapena amuna ndi akazi -orum, la malo nthawi zambiri -ensis ngati Parabuthus mossambicensis. Mawu a chilankhulo china amaloledwa kuima monga alili, choncho la Chichewa likhoza kulowa osasinthidwa. Dzina la species lingabwerezedwe mu genus ina, koma osati mu genus yomweyo, pomwe la genus siliyenera kufanana ndi la nyama ina iliyonse, kaya ndi nsomba kaya gulugufe. Pomaliza fanizirani kalembedwe ka dzina pamutu wa nkhani, pansi pa zithunzi, m'matebulo ndi pa kapepala kofiira ka holotype chilembo ndi chilembo musanatumize kwa osindikiza, chifukwa likatuluka ndi kalembedwe kawiri, wina adzayenera kusindikiza nkhani ina yongosankha kamodzi mwa iwo.