Kusankha Maliwu ndi Mayina a Zilembo za Chilankhulo Chopeka

Yambani ndi maliwu, zilembo zibwere pambuyo. Tengani mavawelo asanu, a, e, i, o, u, kenako makonsonanti ochepa. Chilankhulo chopeka cha Toki Pona chimakwanira ndi zilembo 14 zokha. Liwu lililonse likhale ndi chilembo chakechake, apo ayi owerenga azingolota katchulidwe.

Pa mayina a zilembo, chilankhulo china chopeka cha Esperanto, chomwe chinatuluka mu 1887, chimangowonjezera o pa konsonanti: bo, do, mo, no. Kuloweza kwake n'kosavuta, koma mo ndi no zimasokonekera pa foni kapena paphokoso, chifukwa zonse zimatulukira m'mphuno. Choncho zilembo zomveka mofanana zipatseni mavawelo osiyana, monga ma ndi ne. Mukatero, mutchulireni mnzanu mayinawo atakufulatirani kuti asaone milomo yanu, iye azilemba. Paliponse pamene waphonya, sinthani dzinalo.