Oyembekezera, yezetsaninso hepatitis B

Azimayi anzanga, mukapita ku sikelo musangoyezetsa HIV yokha, pemphani akuyezeninso hepatitis B, matenda a chiwindi aja. Ambirife timangoti bola mwana wabayidwa katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14 basi zatha, koma ayi ndithu, mayi akakhala ndi kachilomboka mwana amatha kutengera nthawi yobadwa ija ndiye pofika masabata 6 kamakhala kalowa kale. Katemera woyamba amafunika pasanathe maola 24 chibadwireni, funsiranitu anamwino, osadikira tsiku lochira. Komanso tizilombo tikachulukitsa m'magazi mwanu katemera yekha nthawi zina sakwanira, adokotala amapereka kwa mayi mankhwala otchedwa tenofovir kuyambira mimba ikafika cha pa masabata 28. Kuyamwitsa kokha musasiye. Ngati munapezeka nako kachilomboka, mwana akafika miyezi 9 mpaka 12 kamuyezetseni.