Mmene mungafufuzire mbiri ya mudzi wa ku England muli ku Lusaka

Kwathu ku Katete, wofuna mbiri ya mudzi amakagwada kwa anyakwawa, koma mbiri ya timidzi ta ku England ili m'mapepala, ndipo ambiri a iwo mungawaone pa intaneti muli konkuno ku Lusaka. Musanayambe chilichonse, dziwani dzina la parishi ndi chigawo chake, monga Norfolk kapena Devon, chifukwa zolembedwa zakale zinkasungidwa motsata parishi. Ine ndinatha sabata yathunthu ndi ndalama za intaneti ndikuwerenga za Newton wina, pamene mudzi umene mlongo wanga amakhala unali Newton wa chigawo china. Midzi ya dzina limeneli ndi yambirimbiri.

Yambirani pa Domesday Book, kaundula amene anapangidwa mu 1086 molamulidwa ndi mfumu William, yomwe inkafuna kudziwa eni minda, mapulawo ndi zigayo kuti msonkho usaiphonye. Dzina la mudzi likalembedwa mosiyana ndi la lero musadabwe.

Pofunika kukhalitsa ndi pa mabuku a tchalitchi. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro, ndipo ngakhale oyambirira ambiri anatayika, otsalawo amasungidwa ku maofesi a zolembedwa zakale a m'zigawo. Apa chenjerani ndi madeti, pakuti chisanafike chaka cha 1752, chaka chatsopano ku England chinkayamba pa 25 Malichi, kotero mwana wolembedwa kuti anabatizidwa mu Febuluwale 1700, m'kawerengedwe kathu anabatizidwa mu 1701. Mukaiwala zimenezi mudzapeza mwana woikidwa m'manda asanabatizidwe.

Kenako funani mapu a chakhumi, amene anajambulidwa potsatira lamulo la 1836 ndipo pamodzi ndi makaundula ake amaonetsa munda uliwonse, mwini wake ndi woulima. Kalembera wa anthu wotchula mayina a m'nyumba iliyonse akuyambira mu 1841. Kumbukiraninso kuti kuchokera mu 1894 maparishi ambiri a boma ali ndi makhonsolo awoawo, ndipo malire awo nthawi zina amasiyana ndi a maparishi a tchalitchi.

Pomaliza yerekezani zimene mwapeza ndi mabuku a Victoria County History, ntchito yolemba mbiri ya zigawo za England imene inayamba mu 1899, amene ambiri amawerengedwa kwaulere pa tsamba la intaneti la British History Online. Masamba ofunika muwasunge mu kompyuta magetsi akadalipo.