Momwe mungapangire cloud chamber n'kuona njira za ma muon ndi maso anu

Makina a ATLAS ndi CMS aku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, amene anapeza kachidutswa kochepa kuposa atomu kotchedwa Higgs boson mu 2012, saona kachidutswa kalikonse maso ndi maso. Amalemba njira imene kadutsa ndi mphamvu yake. Kachidutswa kokhala ndi mphamvu yamagetsi kakamapyola mu chinthu, kamathothola ma electron pa ma atomu a m'njiramo, ndipo ntchito ya makinawo ndi kugwira mabala amenewo. Ku CERN amawagwira ndi timapale ta silicon. Ife kuno ku Harare tingawagwire ndi nthunzi ya alcohol, m'chipangizo chotchedwa cloud chamber, n'kuona njira za ma muon, tizidutswa tofanana ndi electron koma tolemera kwambiri. Choyambirira anachipanga C. T. R. Wilson mu 1911, ndipo mtundu umene tikupanga panowu, wozizira pansi n'kufunda pamwamba, ndi wa Alexander Langsdorf wa m'zaka za m'ma 1930.

Pezani kontena ya pulasitiki yoonekera bwino mkati, yaikulu ngati bokosi la nsapato, nsalu yokhuthala ya felt kapena siponji, tochi yowala kwambiri, tepi yakuda ya magetsi, bokosi la kaylite (styrofoam) ndi chitsulo chafulati choposa pakamwa pa kontenayo. Amisiri a ku Siyaso ku Mbare angakuduleni chitsulocho, ndipo cha aluminiyamu ndiye chabwino chifukwa chimazizira msanga. Zovuta kupeza ndi ziwiri: isopropyl alcohol wa 99 peresenti, amene mungafunse kwa ogulitsa mankhwala a m'malabotale kapena okonza mafoni, ndi dry ice, yemwe ndi mpweya wa carbon dioxide wouma ngati ayezi, amene mungafunse kwa ogulitsa gasi wa m'mafakitale. Sanitaiza wa 70 peresenti musataye naye nthawi, madzi amachuluka. Dry ice mugule tsiku lomwelo, samagona.

Yambani ndi chitsulo. Matani tepi yakuda mbali imodzi yonse. Penti ena amasungunuka ndi alcohol, n'chifukwa chake tepi ndiyo yodalirika. Kenako ikani nsalu ija pansi pa kontena, mkati, moti isagwe mukaivundikira. Guluu nayenso amalekerera akanyowa ndi alcohol, choncho panikizani nsaluyo ndi timaginito, tina mkati tina kunja. Inyowetseni ndi alcohol mokwanira koma isachite kudontha.

Tsopano valani magolovesi okhuthala, phwanyani dry ice, muyale m'bokosi la kaylite, n'kusanjika chitsulo pamwamba, mbali yakuda ikuyang'ana kumwamba. Chikalira mokwiikwii musadabwe. Vundikirani kontena pa chitsulocho, nsalu ikhale kudenga, ndipo matani tepi mozungulira pomwe zakumana.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Dry ice amazizira kufika -78.5°C. Alcohol amatuluka nthunzi kudenga kofundako, nthunziyo n'kumatsika, ndipo ikafika pafupi ndi chitsulo imakhala itazizira mopitirira pomwe inayenera kusanduka madontho, koma ilibe pogwira. Kachidutswa kakadutsa, ma atomu othotholedwa aja amakhala pogwira pake, madontho n'kundandalika m'njira yomweyo, monga mzere woyera umene ndege imasiya kumwamba. Ndiye chitsulo chikapanda kukhudza dry ice bwinobwino, kapena mpweya ukamalowa pa tepi, simuona kanthu ngakhale mudikire mpaka tambala. Kudenga kukazizira, ikanipo dzanja kapena botolo la madzi ofunda.

Zimitsani nyali. Magetsi akakhala kuti athima kale, ndiye mwayi wanu, koma kandulo asayandikire, alcohol sachedwa kugwira moto. Tsegulani zenera, pakuti dry ice amasanduka mpweya wa carbon dioxide, ndipo musamutsekere m'botolo, lingaphulike. Unikani tochi cham'mbali, mopendekera pansi, mudikire mphindi 10 kapena 15. Muyamba kuona kamvula kosalala ka timadontho. Yang'anitsitsani sentimita imodzi kapena ziwiri pamwamba pa chitsulo.

Mzere wautali, wopyapyala ndi woongoka kawirikawiri ndi muon. Ma muon amabadwa makilomita pafupifupi 15 kumwamba, ma cosmic ray, tizidutswa taliwiro tochokera kutali mlengalenga, akawombana ndi mpweya. M'mbali mwa nyanja yaikulu, pafupifupi muon mmodzi amapyola sentimita imodzi ya sikweya pa mphindi iliyonse, ndipo Harare, pokhala mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja, amalandira ochulukirapo. Mzere waufupi wonenepa ndi wa kachidutswa kolemera kotchedwa alpha, kochokera ku mpweya wa radon umene umatuluka m'miyala ngati granite, mtundu wa miyala yosanjikizana ya ku Epworth. Wopyapyala wokhotakhota ndi electron yofooka imene ikugundagunda.

Aphunzitsi amene mukufuna ana a fomu 5 ndi 6 apite patsogolo, jambulani vidiyo pa foni, ana awerenge mizere ya mtundu uliwonse pa mphindi imodzi. Yesaninso kuika maginito wamphamvu wa neodymium pansi pa chitsulo. Ma muon sakhota chifukwa cha liwiro, koma ma electron ofooka angapindike pang'ono. Mukadziwa komwe kachokera, mbali imene mzere wakhotera imasonyeza ngati kachidutswako n'ka positive kapena negative, ndipo kukula kwa kukhotako kumasonyeza mphamvu yake. Ndi mmene Carl Anderson anapezera positron, mnzake wa electron wokhala positive, mu 1932, ndipo maginito wa 3.8 tesla wa CMS akugwira ntchito yomweyo pa tizidutswa ta mu LHC, makina aakulu a ku CERN owombanitsa tizidutswa.