Disiki ya girayinda imatha mphamvu ngakhale isanadule chitsulo

Amisiri owotcherera, musanamange disiki pa girayinda, yang'anani kachitsulo ka pakati kaja. Opanga ambiri amadindapo mwezi ndi chaka chimene disikiyo ithere ntchito, kawirikawiri zaka 3 kuchokera pamene inapangidwa. Nthawiyo ikadutsa itayeni, ngakhale ikuoneka yatsopano.

Disiki ndi timiyala tolimba ndi ukonde wa ulusi wagalasi, zomatidwa ndi utomoni wa phenolic. Utomoniwu ndi wamtundu wa Bakelite, pulasitiki wolimba amene Leo Baekeland anapanga ku New York mu 1907 pophatikiza mankhwala a phenol ndi formaldehyde. Kufakitale amayamba anyowetsa timiyalato ndi utomoni wamadzi wotchedwa resol, kenako n'kuthiramo waufa, novolac, umene suuma popanda mankhwala a hexamine. Akatsindira zonsezi m'chikombole, amaziwotcha mu uvuni kwa maola ambiri pa madigiri pafupifupi 180. Utomoniwu ukauma choncho susungunukanso. Pulasitiki wa ndowa amafewa pamoto, koma uwu ukapyola madigiri 300 umangoyamba kupserera n'kusanduka khala. N'chifukwa chake umapezekanso m'mabuleki a galimoto ndi pa zogwirira mapoto.

Chimene umaopa ndi chinyezi. Disiki yogonera pa simenti m'shedi yodontha dzinja lonse imayamwa madzi, utomoni uja n'kuyamba kulekana ndi timiyala. Ndi maso simungaone kanthu. Imangophulika ili pa liwiro, zidutswa n'kulunjika kumaso kapena pakhosi. Isungeni m'katoni yake, chogoneka pa thabwa, pamalo ouma.

Podula musakanikize. Mukamva fungo lowawa ndipo m'mphepete mwa disiki mwada, ndiye kuti utomoni ukupsa, pepukitsani dzanja. Disiki yopyapyala yodulira musamasalalitsire chitsulo cham'mbali, chifukwa mukudya ukonde umene ukuigwira.

Chizolowezi chimene chimandiwawa kwambiri ndi chotenga disiki ya mamilimita 230 yothaitha n'kuimanga pa girayinda yaing'ono, chotchinga chitachotsedwa. Ndikudziwa kuti madisiki akwera mtengo, koma ya 230 inapangidwa kuti izizungulira kosapyola maulendo 6,600 pa mphindi, pamene girayinda yaing'ono imafika cha m'ma 11,000. Manambalawa alembedwa pa disiki ndi pa girayinda pomwepo, awerengeni. Mukamanga yatsopano, iyatseni izungulire yokha kwa theka la mphindi mutailozetsa kopanda anthu, magalasi ali kumaso, ndipo ikamanjenjemera ichotseni.