Momwe mungayezere mtovu m'madzi a pa mjigo

Ife a ku Mbare, Mufakose ndi Glen View mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe, tikudziwa kuti madzi a ku Lake Chivero amafika m'mipopi mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake timadalira mijigo ndi zitsime. Poopa kolera timawiritsa madzi. Koma mtovu suopa moto. Madzi akamaphwera powira, iwo umatsala mumphika momwemo. Sununkha, suoneka, koma umawononga ubongo wa ana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati lita imodzi ya madzi akumwa isakhale ndi mtovu woposa ma microgram 10 (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), ndipo cadmium, chitsulo china chapoizoni, asapose 3.

Choyezera chake ndi kabokosi kotchedwa potentiostat, komwe mumalowetsamo kapepala kolimba kokhala ndi timizere ta kaboni. Ambiri ogwiritsa mjigo umodzi mukasonkherana, mtengo wake umapepuka.

Choyamba, tungani bwino madziwo, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Tengani mabotolo awiri a pulasitiki otsuka bwino. Loyamba mudzaze m'mamawa ndi madzi oyamba kutuluka, wina aliyense asanapope mjigo, lachiwiri mutapopa kwa mphindi zingapo. Mtovu ukachuluka m'botolo loyamba lokha, kayikirani mapaipi. Ukapezeka m'onse awiri, vuto likhoza kukhala pansi pa nthaka.

Kenako sakanizani madziwo ndi mankhwala a acetate kuti pH, yomwe ndi muyezo wa asidi m'madzi, ifike pafupifupi 4.5. Musadumphe zimenezi.

Donthezani madziwo pa kapepalako n'kuyatsa kabokosi kaja. Kwa mphindi ngati ziwiri, magetsi amakokera zitsulo zosungunuka m'madzimo kuti zimatirire pa kaboni, yemwe nthawi zambiri amakhala wokutidwa ndi chitsulo chotchedwa bismuth. Kenako makina amasintha mphamvu ya magetsi pang'onopang'ono, ndipo chitsulo chilichonse chimamatuka pa nthawi yake: cadmium pafupi ndi ma volt -0.8, mtovu pafupi ndi -0.5. Pa sikirini mumaona timapiri; kaphiri kakatalika, ndiye kuti chitsulocho n'chambiri.

Musanakhulupirire nambalayo, yesani kaye madzi a mtovu wodziwika kuchuluka kwake omwe amagulitsidwa pamodzi ndi zipangizozi. Madzi amatope komanso mkuwa zimasokoneza zotsatira, ndipo kapepala kamodzi musakagwiritse kawiri.

Nambala ikapitirira malire, pitani ndi madzi ena ku labotale ya Environmental Management Agency kapena ya Standards Association of Zimbabwe akatsimikize. Podikira, phala la mwana ndi madzi a mayi woyembekezera zichokere kwina.